Mkangano wa pa Shopu Yotchajira Mafoni

Pa Kamwendo, kuseri kwa sikelo ya mavenda a soya,
ndili ndi benchi imodzi ndi masoketi khumi ndi awiri.
Magetsi akathima, sola yanga imandiitanira anthu asanu awa
ndi mkangano wawo wosapsa ngati nyemba zagonera.
Gemu yake amati Zipata za Phulusa.

Malizani wa kabaza amayamba thukuta lisanaume:
"Dziko lija ndi lalikulu, amwene!
Dzulo ndinayenda maola atatu osaona malire,
ndinadutsa nkhalango ya mitengo yotsokomola,
ndinawoloka mtsinje woyenda chokwera phiri.
Wapolisi wondiimitsa panalibe,
ngakhale tayala lophulika."

Ndaziona samuyang'ana n'komwe,
chala chili pa galasi long'aluka pakona.
"Kukulako n'kwa ntchito yanji?
Mudzi uliwonse munthu yemweyo, mawu omwewo:
kandiphere makoswe khumi,
kanditolere nthenga zisanu.
Ganyu ndamuthawa kumunda kuti ndidzamupeze m'foni?
Ndipo telala amene anasoka zovala za msilikali wamkaziyu
sanapsepo ndi mafuta a mandasi.
Munthu n'kukamenyana ndi chinjoka cholavula moto
mchombo uli pamtunda?"

Aphunzitsi a Kachigunda amapukuta magalasi ndi tayi.
Iwo okha ndi amene amawerenga mawu onse,
ife timangodina kuti zidutse.
"Simukuiona nkhani, ana inu.
Mfumukazi ija inapinyolitsa chithunzithunzi chake
kuti mzinda usamire,
ndiye mumaitcha mfiti, n'kuipha chifukwa cha mkanda wake.
Ine ndinaisiya ndi moyo.
Usiku umenewo sindinachonge makope."

"Munaisiya poti simukanaitha!"
Ameneyo ndi Sautso, wokonza mawailesi.
"Tinene zoona: lupanga labwino amagula ndi madola.
Ine miyezi inayi ndikusula langa,
kamwana kena ka kutsidya la nyanja
kangotenga khadi la bambo ake,
kamodzi kokha, phwa! ndagona.
Nanga bandulo?
Imatha ngati shuga wa pamaliro.
Netiweki ikazemba uli pakati pa nkhondo
umabwerera n'kupeza mtembo wako atauvula nsapato."

Amaseka mpaka benchi kulira.

Lekeleni yekha saseka msanga.
Iye anasankha kukhala sing'anga,
uja aliyense amati ndi wofooka,
wopanda lupanga, kathumba ka mizu basi,
woyenda pambuyo ngati ngolo yophotchoka.
Atamukakamiza kuti anenepo,
anayankhula akuyang'ana chingwe cha tchaja:
"Ine chimene ndimakonda n'chimodzi.
Mnzako akagwa, umagwada pambali pake,
umagwira batani, kuwerenga mpaka kasanu,
amadzuka."

Tonse tikudziwa za lole ya fodya
imene inagubuduka pa msewu wa ku Mkanda chaka chatha,
ndi amene anakhala pamwamba pa mabelo.
Palibe anatchula dzina.
Kunja wina ankakangana ndi venda za makilogalamu awiri.

Ndaziona ndiye anatsokomola:
"Komatu mizu yakoyo aikweza mtengo, Leke.
Akuba anthu amenewa."
"Akuba zedi," anatero Sautso,
ndipo mkangano unayakanso pomwe unazimira.

Ine amandifunsa kuti ndili mbali iti.
Ndimati yanga ndi handiredi kwacha pa foni,
za zinjoka sizindikhudza.
Sadziwa kuti ndikatseka chitseko
ndimayatsa kafoni kanga kotentha msanga,
ndipo sabata yachitatu ino
ndili pa chipata choyamba penipeni,
ndi chipewa chachikopa, ndi ndodo,
kambuzi ka nyanga zamoto kakundigunda,
kundigunda,
ine n'kumadzukanso.